Mwana wofatsa wa ku Finglas

Pasiteji ya basi ku Finglas, dera lina la m'dziko la azungu, mvula ikuwaza, mayi wina wovala yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba anamva mayi wachikulire akuyankha foni m'Chichewa. Atamva chinenero chakwawo, anawapatsa moni.

"Mwalawirira kuntchito, mayi?"

"Ayi asisi, kuchipatala. Mwana wanga Watipaso anagonekedwa. Anasiya kudya, kusukulu osapitanso."

"Pepani! Zinangoyamba mwadzidzidzi?"

"Zinayamba kalekale, ine osaona. Ankangodzitsekera m'chipinda. Ndinkanyadira kutchalitchi kuti wanga ndi wofatsa, sayendayenda ngati ana akuno. Aphunzitsi atati akaonane ndi katswiri wa zamaganizo, ndinakalipa kuti mwana wanga si wamisala."

"Ndiye munatani?"

"Ndinamutengera kumapemphero. Ndinkaopanso kuti aboma andilanda mwana. Iye anandiuza ndithu, m'Chingerezi chakecho, kuti sakupeza bwino. Ine ndinati, 'Wadya, wafunda, ukusowanso chiyani?' Chiyambireni tsikulo sanandiuzenso kanthu."

Basi inafika, koma wayunifolomu uja sanakwere.

"Mayi, katswiriyo munthu amamupeza bwanji?"

"Muyambire kwa dokotala wanu. Bwanji, asisi?"

"Wanganso anthu amamuyamikira kuti ndi wofatsa."