Geti Lisiyeni Mmene Mwalipezera

Tsiku lomaliza la chaka, dzuwa likuwamba ngati lili ndi chifukwa ndi munthu, a Lionel Tuckwell ankathamangitsa galimoto yawo mumsewu wafumbi lofiira kumadzulo kwa tawuni ya Quilpie, kulowera ku famu ya mayi Noeleen komwe anzawo onse ankakalandirira chaka chatsopano. Anali atavala shati yoyera yosita bwino, ndipo pambali pawo panali alamu awo a Clarrie, amene anatengedwa paulendowu chifukwa cha ntchito imodzi yokha: kutsika pageti lililonse.

"Malamulo akutchire kuno ndi awiri," anatero a Lionel, amene anakhalapo khansala kwa kanthawi ndipo anali asanachirebe. "Loyamba, woyendetsa satsika. Lachiwiri, geti umalisiya mmene walipezera. Walipeza lotseka, tseka. Walipeza lotsegula, lisiye."

"Mwanena kale pageti tadutsa lija, alamu."

"Ndipo nyama ili m'bokosi la ayezi kumbuyoko ikafike dzuwa lisanalowe, zivute zitani."

"Zivute zitani," anabwereza a Clarrie, akugwedeza mutu.

"Chaka chatha ndinachedwa. Ndinakapeza mnzathu Athol ataima pamoto, chopanira nyama cha malemu a Horrie, amuna a Noeleen, chili m'manja, akutembenuza masoseji ngati mwini nyumba."

"Amawotcha bwino a Athol."

"Sindinakufunseni. Mayi wamasiye akakupatsa chopanira cha malemu amuna ake, sikuti akungofuna kuti nyama ipse. Mwamva?"

"Akufunanso chiyani?"

"Iii! Kodi inu mlongo wanga munamukwatira bwanji?"

"Anandiuza tsiku, ine ndinabwera."

A Lionel anangosasa kafumbi kamene kanalibepo paphewa la shati. Chaka chino chopanira chija chinali chawo, ndipo ankafuna kuchilandira ali oyera ngati tebulo la kuguwa.

Geti lomaliza linaonekera. Linali lachitsulo, lolemera, lowotcherera ndi manja a malemu a Horrie eni ake, ndipo pamwamba pake panali zilembo ziwiri zawaya, H ndi N, zitakolana mikono. Silinali lotseka. Silinalinso lotsegula. Linangoima pakati pamsewu litayasama, ngati munthu amene waiwala zoti anene.

A Clarrie anatsika. Analiyang'ana, manja kumbuyo. Analizungulira. Kenako anabwerera n'kugogoda pawindo.

A Lionel anatsitsa galasi pang'ono chabe, kuopa ntchentche. "N'chiyani?"

"Ili ndi liti, alamu?"

"Liti bwanji? Tsegulani!"

"Ndikufunsa kuti ndi lotseka kapena lotsegula, ndidziwe molisiyira."

"Ndi lotseka."

"Mwana wa ng'ombe angadutse apa osakhudza paliponse."

"Ndiye ndi lotsegula!"

"Chabwino." A Clarrie anazungulira galimoto, kukhala pampando wawo, kumanga lamba. "Dutsani."

A Lionel anayang'ana mpata uja. Anayang'ana galimoto yawo. Anayang'ananso mpata uja, ngati ungachite manyazi n'kukula.

"Galimoto siikwana apo."

"Ndiye si lotsegula."

"Alamu!"

"Ine ndikungotsatira inu. Kutchire kuno mumakudziwa ndinu."

Mawu amenewo anawafika pabwino a Lionel. Anawongola kolala, n'kukhosomola monga ankachitira pamsonkhano wakhonsolo. "Tamverani. Tengani kamtengo, mulembe mzere pansi pomwe getilo lalekezera. Mutsegule, ndidutse, mulibwezere pamzerepo. Nkhani yatha."

"Eee," anatero a Clarrie, akumasula lamba. "Ukhansala si masewera."

Analemba mzere wautali, wowongoka bwino, lilime lili panja. Anakankha geti mpaka linakagunda udzu wouma kumbali. A Lionel anadutsa mwaulemerero, chigongono pawindo, fumbi lili kobo! Anaima patsogolo pang'ono n'kudikira. Anadikirabe. Pagalasi loonera kumbuyo anaona alamu awo atawerama pakati pamsewu ngati munthu wotaya singano.

"Kwagwanji tsopano?"

"Mzere uja mwauponda."

"Mwaulemberanji mumsewu?"

"Geti linalekezera mumsewu."

"Tangolitsekani, tizipita!"

A Clarrie anabwera pawindo, akuthamangitsa ntchentche kumaso ndi dzanja. "Nanga a Noeleen akakhala kuti analisiya choncho dala, kuti ana a ng'ombe azidutsa kukamwa madzi uko? Dzuwa limeneli, pofika mawa masana agona chagada. Anthu akulandira chaka, a Noeleen akukumba maenje."

"Ndiye lisiyeni lotsegula!"

"Nkhunzi ya aneba ikalowa? Mukafotokoze ndinu chifukwa chake ana a ng'ombe a Noeleen akubadwa ndi nkhope ya aneba."

"Nkhope ya nkhunzi ya aneba."

"Mwawaonapo anebawo? N'chimodzimodzi."

A Lionel anatseka maso n'kupumira m'mwamba. "Ine ndili ndi diso. Ndikukumbukira pomwe linali. Pitani mukaligwire, ndizikuuzani pagalasi."

A Clarrie anapita.

"Kokani. Kokaninso. Basi! Ayi, mwapitiriza. Bwererani kumanzere."

"Kumanzere kwanga, kwanu, kapena kwa galasi?"

"Kumanzere n'kumodzi!"

"Ine ndayang'ana kuno, inu mwayang'ana uko, galasi likuyang'ana tonse."

"Komwe kuli mtengo wouma uko!"

"Yonse ndi youma, alamu."

Zinali zoona. Kuchokera pamenepo mpaka pomwe thambo limagundana ndi dziko panalibe mtengo ndi umodzi womwe umene unali ndi maganizo obiriwira. A Clarrie anakankhiranso geti ku udzu kuja kuti ayambire poyamba, kenako anavula chipewa n'kudzikupiza.

"Bwanji mungobwera mundisonyeze ndi chala?"

"Woyendetsa satsika."

"Ndiye chaka tilandirira pompano. Ine ndilibe vuto. Mpando ndili nawo, chipewa ndili nacho."

"Mukudziwa kuti nthawi ikutha?"

"Chaka chomwe chikutha, alamu. Koma lamulo munalinena nokha, kawirikawiri ndithu."

A Lionel anasuzumira dzuwa. Linali litapendeka. M'maganizo mwawo anaona moto utayaka kuseri kwa nyumba ya a Noeleen, anzawo atazungulira ndi mabotolo ozizira, ndi a Noeleen akutuluka m'khitchini, chopanira m'manja, akuyang'ana uku ndi uku kufuna mwamuna. Ndipo Athol, mwamuna wosasita n'komwe, ataima chapafupi ngati wangodutsapo mwangozi.

Anatsegula chitseko.

"Mwatsika," anatero a Clarrie.

"Sindinatsike. Ndikuyendera ntchito."

Anayenda monyang'ama, mikono ili kutali ndi thupi kuti mphepo yokha ndiyo iziikhudza shatiyo. Atafika pakati pamsewu analoza pansi ndi nsonga ya nsapato.

"Linalekezera apa."

"Mwatsimikiza?"

"Ndinayendetsapo komiti ya misewu ine. Imani apa. Phazi lanu likhale mzere. Musasunthe ngakhale dziko lithe."

"Ngakhale lithe," anabwereza a Clarrie, n'kuponda pamalopo ngati msilikali.

A Lionel anapita kugeti. Analigwira ndi zala ziwiri n'kukoka. Silinasunthe, kunsi kwake kunali kutakodwa mu udzu. Anawonjezera zala zina ziwiri. Geti la a Horrie silinkamva zala.

"Limafuna kulinyamula pang'ono," anatero a Clarrie.

"Ndikudziwa!"

"Pang'ono pokha, alamu."

A Lionel sanali munthu wochita zinthu pang'ono pamaso pa alamu awo. Anapinda mawondo, kuligwira ndi manja onse awiri, n'kulinyamula ndi mphamvu zonse za munthu amene akuganiza za Athol. Linamveka kuti gwede! Geti linazuka pa mahinjesi ake onse awiri, linaima kamphindi ngati likuganiza kolowera, kenako linasankha chifuwa cha a Lionel n'kutsamirapo. Fumbi la nyengo yonse yachilimwe, dzimbiri ndi girisi wakuda, zonse zinapeza pokhala.

"Mayo! Alamu! Tabwerani!"

"Mwati ndisasunthe."

"Ndasintha maganizo!"

"Ndikasuntha, malo atayikanso. Mudzawapezanso ndi diso lanu lija kachiwiri?"

"Likundiphwanya nthiti!"

"Ligwetseni pansi."

"Ndigwetse geti la a Horrie? Zilembo izi zikapindika, a Noeleen adzandipatsa chopanira kapena adzandimenya nacho?"

A Clarrie anaganiza mofatsa. "Adzakumenyani nacho."

"Ndiye tabwerani!"

"Dziko silinathe, alamu."

A Lionel anatsegula pakamwa kuti anene mawu osayenera khansala, koma ntchentche inalowamo n'kuwatsekereza. Ali mkati molavula, anamva kulira kwa injini. Kumbali komwe anachokera kunali fumbi likubwera, ndipo kutsogolo kwa fumbilo kunali galimoto yakale yobiriwira, yopanda galasi limodzi, imene aliyense m'chigawocho ankaidziwa.

"Ndi a Athol," analengeza a Clarrie. "Mwapulumuka. Ndiwaitane?"

"Musayerekeze! Ndife bwinobwino. Tikuyendera geti."

A Lionel anatembenuza nkhope, kulimbitsa miyendo, n'kuyamba kuyang'anitsitsa chitsulo chimene chinali pamphuno pawo ngati katswiri wa zowotcherera. Galimoto yobiriwira inafika, n'kuchepetsa liwiro. Athol anaona msewu wotsegula ndi munthu atagwira geti kumbali. Anadzutsa chala chimodzi pachiwongolero, moni wa kutchire, n'kudutsa pang'onopang'ono. Fumbi lake linamaliza mbali za shati zimene geti linasiya.

Galimotoyo inaima pafupi ndi a Clarrie. A Lionel ankamva mawu apansipansi, kuseka, chitseko kutsegulidwa, chinthu cholemera kukwekweretsedwa, chitseko kutsekedwa. Atalephera kupirira anasuzumira pakati pa zitsulo. Anangoona galimoto yobiriwira ikunka nichepa, ndipo kumbuyo kwake bokosi la ayezi likudumphadumpha mosangalala.

"Alamu! Bokosi lija ndi lathu?"

"Ndi lathu."

"Waba nyama yanga Athol?"

"Sanabe. Ndawapatsa. Ananyamula okha, ine sindinasunthe." A Clarrie analoza phazi lawo monyadira.

"Mwa... mwawapatsa?"

"Munati ikafike dzuwa lisanalowe, zivute zitani. Zavuta."

"Ndimatanthauza ikafike ndi ine!"

"Zimenezo simunanene. Koma musadandaule. Ndawauza kuti akaipereke m'manja mwa a Noeleen eni ake, ndipo a Noeleen akasowa wowotcha, awathandize."

Geti linatsetserekanso pang'ono pachifuwa. Chilembo cha N chinali chitakola kolala ya a Lionel, cha H chikuwakanda khutu. Kutali uko, komwe kunali famu, kautsi kopyapyala kanayamba kukwera.

"Koma Athol ameneyu ndi munthu wanji?" anatero a Lionel, mawu akutuluka mong'ung'udza. "Waona mnzake ali pansi pa chitsulo, n'kungodzutsa chala basi? Osatsika n'komwe kudzathandiza?"

"Ayi, musawanamizire. Anafuna kubwera. Anali atavula kale chipewa, akupinda manja a malaya."

"Ndiye chawaletsa n'chiyani?"

"Ndinawakumbutsa lamulo."

"Lamulo liti?"

A Clarrie anawayang'ana modabwa, ngati mphunzitsi amene wafunsidwa dzina lake lomwe.

"Lanu lomwe lija, alamu. Geti analipeza lili ndi inu. Alisiya mmene analipezera."