Dalaivala Wosaima Panjira

Pamzere wolandirira mankhwala kuchipatala, bambo wina ankangodzigwira m'mbali uku akukwinya nkhope. Mayi amene anali kumbuyo kwake, botolo lalikulu la madzi lili m'manja, anayamba kumufunsa.

"Achimwene, ndi impso zimenezo?"

"Mwadziwa bwanji, mayi? Kamwala kanatuluka sabata yatha, koma mukuwawabe. Adokotala andiunika, akuti mulibe kanthu, ndibwerere msanga ndikatentha thupi. Ine ndikukayika."

"Akhulupirireni, inenso ndinadutsamo. Kamwala kamakanda njira yonse potuluka, ndiye bala silipola tsiku limodzi. Madzi mumamwa?"

"Paulendo ayi. Ndimayendetsa lole. Ukamwa madzi umangoima paliponse ngati basi. Ine ndikanyamuka m'mawa, sindiima mpaka kukafika."

"Nanga mumadya chiyani?"

"Nyama yootcha, mchere wambiri. Kutafuna kumathamangitsa tulo."

"Ndiye miyalayo mumaumba nokha ngati njerwa! Mchere chepetsani, nyama isakhale ya tsiku lililonse, madzi muzimwa mpaka mkodzo uyere. Ine zaka zinayi tsopano, sinabwerenso olo kamodzi."

"Mayi, ntchito yathu simuidziwa. Abwana amandiyamikira chifukwa chosaima panjira."

"Kamwalako kakuimitsani nthawi yaitali bwanji?"

"Masabata atatu."

"Nanga loleyo ili kuti?"

"Anapatsa mnzanga wina, waulesi. Amangomwa madzi ngati ng'ombe, paulendo umodzi amaima kanayi konse."

"Amaima kanayi, eti? Koma lero amene ali pamsewu ndi iyeyo. Gwirani botololi, yambani."