Udzu umene unapita ndi mwana wanga

Abale anga mwa Ambuye, inu nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pagulu lino, landirani moni wanga kuchokera kuno ku Entre Lagos, ku Mozambique. Ambiri mumandidziwa, ndine mayi uja wa mandazi pa siteshoni, wosachedwa kuyankha munthu akandiputa. Lero sindinabwere ndi nthabwala ayi. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene ndinalira maliro a mwana wanga Rozita m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, asodzi akukoka khoka kufunafuna mtembo wake.

Rozita ndi mwana yekhayo amene ndatsala naye. Awiri ndinawaika m'manda ali makanda, kenako bambo awo anatsatira chifuwa chitawazunza. Ndiye mwanayu ndimamulera ndi mantha, ndipo mantha anga amatulukira pakamwa. Ndikati khala apa, amakhala pomwepo, amadziwa kuti mayi ake sabwereza mawu.

Inali nthawi ya feriya, ana atatsekera sukulu, m'nyengo yozizira. Amayi a kumpingo kwathu tinapangana kuti titenge ana tikapitidwe mphepo kunyanja. Achimwene anga a Mateyu anatipezera kamiyawo, lole ya mnzawo yonyamula chimanga, iwonso natiperekeza, tinakwera ndi mpunga, mapoto ndi mabolasha, mabisiketi a ana, tikuimba njira yonse. Ambiri a ife tinabadwira ku Malawi makolo atathawa nkhondo, ndipo takulira pa njanji ndi pa msika. Nyanja ili pafupi inde, koma ife timangoidziwa kuti ndi kochokera nsomba. Tinasankha Lachisanu dala, poti tinamva kuti asodzi a kumeneko ndi Asilamu, masana a tsikulo amakhala ku mzikiti, ndiye padoko pakhala phee ndipo ana asewera momasuka.

Tinapezadi mabwato ali pamtunda, popanda msodzi ndi mmodzi yemwe. Ana anathamangira m'madzi osaya, koma Rozita anali atasanza m'galimoto ndipo ankasinza. Pamalopo panalibe mtengo wa mthunzi. Ndinayenda naye chakumbali mpaka ndinapeza udzu wobiriwira, wothithikana bwino, pakati pake atazikapo nsungwi yokhala ndi kansanza kofiira pamwamba. Poponda pankatitimira pang'ono ngati matiresi, ine ndinangoti ndi dothi lonyowa. Ndinamangirira kapulana yanga, chitenje chimene ndinafunda, ku nsungwiyo ndi ku bango kuti ikhale mthunzi, ndikumugoneka.

"Usachoke pano mpaka ndibwere, wamva? Ukasuntha uona."

Anagwedeza mutu, ine ndinabwerera kukathandiza anzanga kuphika.

Mwera unabwera mosagogoda. Mbale zinauluka, moto unabalalika, mchenga unatilowa m'maso, nyanja inada bii. Mayi aliyense anali kalikiliki kukoka ana m'madzi, inenso ndinagwira awiri a eni ake amene mafunde ankawagwetsa. Nditawatula ndinathamangira kwa wanga. Abale inu, kunalibe mwana, kunalibe kapulana, kunali madzi okhaokha akumenya bango. Ndinati mwina ndasokera, ndinathamanga uku ndi uku ndikuitana dzina lake mpaka mawu anasasa.

Asodzi atatuluka mu mzikiti anabwera chothamanga, ena asanavule n'komwe mikanjo. Anatifunsa kuti mwanayo walowera pati. Ife tinaloza pamadzi paja, tinati ayenera kuti anadzidzimuka ndi mphepo n'kuthawira m'nyanja, nsaluyo yauluka. Za nsungwi ija sindinazitchule, m'mutu mwanga munalibe nsungwi. Anthu aja anatsitsa khoka nayamba kukoka. Likamafika kumtunda ndinkatseka maso, ndikatsegula ndinkaona matope, zinyalala ndi tinsomba. Anakoka mpaka dzuwa linalowa. Kumbuyo kwanga ndinamva wina akunong'oneza mnzake za ng'ona.

Kamiyawo inabwerera ndi ana ndi amayi ena. Tinatsala ine ndi achimwene, banja lina la m'mudzi wa asodziwo linatilandira. Achimwene anaimba foni kunyumba, ndipo anthu anayamba kusonkhana pakhomo panga, ena kutola nkhuni, ena kusonkha ufa wa pamaliro. Ndisakunamizeni kuti ndinapemphera. Ndinakangana ndi Mulungu monga ndimakanganira ndi anthu pa msika. Ndinati, munatenga awiri ndinakhala chete, munatenga bambo awo ndinapirira, nanga uyu wakulakwirani chiyani? Ndinamuuza kuti kutchalitchi sadzandionanso. Mtima unali kuwawa moti madzi aja ndinkawayang'ana ngati akundiitana.

Kutacha ndinabwerera padoko, asodzi atayambanso kukoka. Ukali wonse unali utatha, ndinangogwada m'matope. Pemphero langa linali lochititsa manyazi kuchepa kwake. Sindinapemphe moyo, chikhulupiriro chotero ndinalibe. Ndinati, Ambuye, ndipatseniko ngakhale mtembo wokha, ndikamuike pafupi ndi abale ake, asathere m'mimba mwa chilombo.

Ndili chigwadire choncho panafika bambo wina wachikulire akukankha njinga ya madengu opanda kanthu. Anali Che Asani, msodzi wa pomwepo, amene dzulo lake anali atapita kumsika ndi nsomba n'kugona komweko. Za mwana anali asanamve. Anaima pafupi nane akuyang'ana m'madzi, akudandaula m'Chiyao chosakaniza ndi Chinyanja kuti miono yake yonse yokolera nsomba yapita. Magazi anga anawira.

"Bambo inu, chisoni mulibe? Anzanu akufuna mtembo wa mwana wanga, inu mukulirira miono?"

Sanakwiye. Anapepesa kwambiri, kenako ngati wodziteteza anafotokoza kuti miono yake amaimangirira kunsi kwa udzu, pamwamba n'kuzika nsungwi ya kansanza kofiira kuti azizindikira malo ake, ndiye mwera watenga zonse. Ndinamva ngati wandithira madzi ozizira. Ndinamuuza kuti ku nsungwi imeneyo n'kumene ndinamangirira kapulana, ndipo mwana ndinamugoneka pansi pake. Njinga ija anangoisiya, inagwa ndi madengu omwe.

"Mama, pamenepo si pamtunda. Udzu umene uja umayandama, mphepo ikakula umaduka n'kumapita. Ngati mwanayo sanatsikepo, wapita nawo."

Anakuwa m'Chiyao, anthu anasiya khoka m'madzi n'kukankha mabwato. Achimwene anati nditsale, ine ndinawakankha n'kulowa m'bwato la Che Asani, chibadwire changa ndisanakwerepo bwato. Tinalowera chakumpoto, kumene mphepo inkalowera. Bamboyo sanandilonjeze kanthu. Anati udzu wotere nthawi zina umanyenyeka m'njira, ndipo mwana akachita mantha n'kuyesa kuwoloka, pansi pake ndi pakuya. Anati zonse zili kwa Mulungu. Tinadutsa m'tinjira ta m'bango, mvuu zikulira chapatali, tinapeza zidutswa za udzu zambirimbiri zitakocheza uku ndi uku. Chilichonse ndinkachiyang'ana mtima uli m'malere, ndipo chilichonse chinali chopanda munthu.

Dzuwa litakwera ndithu, Che Asani anasiya kupalasa naloza ndi mlomo. Ndinaona kansanza kofiira pamwamba pa bango. Udzu uja unali utatsala wochepa, ngati mphasa ziwiri, m'mbali mwake madzi atalowerera. Patsinde pa nsungwi panali kamulu ka kapulana yanga, kosagwedezeka. Mumtima ndinati, mtembo uja ndinapempha ndi uwu, Mulungu wandiyankha monga mwa pakamwa panga.

Che Asani anakwawa pa udzupo pang'onopang'ono, navundukula nsalu. Nkhope inali yotupa ndi udzudzu moti maso sankaoneka bwino, milomo itang'ambika, dzanja limodzi litagwiritsa nsungwi. Anamunyamula n'kundipatsa. Thupi linali zii ngati mwala wa m'mtsinje, koma ndinamva kakunjenjemera. Anatsegula diso limodzi, nandiyang'ana nthawi yaitali, kenako ananena motsitsa.

"Amayi, sindinachoke."

Ndinalira kuposa mmene ndinalirira dzulo lake. Mwana anakhala pamadzi yekhayekha, m'mphepo ndi mumdima, akuopa kusuntha chifukwa mayi ake ananena. Che Asani anatembenukira kumbali akupukuta m'maso ndi kofiya, chisoti chake, akuyamika Mulungu m'mapemphero a kwawo.

Mayeso sanathere pamenepo. Kuchipatala cha ku Mecanhelas anamupeza ndi chibayo, kenako malungo anamugwira mpaka kukomoka, ndipo ndinaonanso manda ali pafupi. Koma amene anamusunga pa udzu woyandama anamusunganso pabedi paja. Titatuluka, ufa umene anthu anasonkhera maliro ndi umene tinaphikira mpingo pothokoza. Che Asani ndinawapititsira nkhuku, anaikana, anangoseka kuti chikhala kuti sindinawakalipire m'mawa muja bwenzi atangodutsa ndi njinga yawo. Miono yawo sanakaitengenso.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanawerengere mwano wanga, amene ndinamupempha mtembo koma anandipatsa mwana wamoyo. Ndikuthokoza asodzi a padoko paja, anthu a chipembedzo china, amene anasiya ntchito zawo n'kulowa m'madzi ozizira chifukwa cha mlendo. Inu amene muli m'chigwa lero, amene mwafika popempha zochepa chifukwa zazikulu mwazitaya mtima, musaleke kugwada. Pempherani ngakhale pemphero lanu likhale lophwanyika ngati langa lija. Thandizo likhoza kubwera likukankha njinga, likudandaula za miono, inu n'kulilalatira.

Koma mundipempherere, chifukwa bala silinapole. Rozita anachira, wabwerera kusukulu, komabe saseka ngati kale, ndipo mphepo ikayamba kuomba malata amabisala kunsi kwa tebulo. Tsiku lina pa siteshoni ndinamuuza kuti adikire pa beseni la mandazi ndikatunge madzi. Sanakane, anakhala pansi monga mwa masiku onse, koma anagwira nsonga ya kapulana yanga n'kufunsa, "Mubweradi?" Ndinasenza beseni, ndinamugwira dzanja, tinapita tonse.