Chala cha a Vitalis Mulepa pa Pepala la Adokotala

Malemu a Vitalis Mulepa anabadwa pa 9 Novembala 1918 ku Mulanje, makolo awo atangowoloka Ruo kuchokera kwa Apwitikizi. Tsikuli anatipatsa ndi ansembe pa ubatizo; mayi awo ankangoti chinali chaka cha chimfine chachikulu chija. Ine ndaima pano ndine Mathias, msuweni wawo. Pa chisuweni ndakhala ndikuwanyoza zaka makumi anayi, iwo akundibwezera. Mundilole nditalikitseko pang'ono, chifukwa kuyambira dzulo kuseri kwa siwa kukumveka zoti mayi Felicia anagulitsa amuna awo kwa madokotala a Chitaganya. Ndamvanso kuti ena apangana kale zowalanda makina osokera ndi kuwabweza kwawo maliro akatha.

Sukulu anayamba mu 1927 pa mishoni, nalekeza Sitandade 3. Ine ndinawaposa ndi kalasi imodzi yokha, koma kalasi imodziyo inandisandutsa womasulira Chizungu wa mtundu wonse.

Mu 1939 anafika ku Limbe ndi malaya amodzi, naphunzira utelala pakhonde pa sitolo ya mmwenye. Amuna ambiri muli pano munakwatira mutavala majekete a manja awo. Ena ndikuona mwavala omwewo lero, ngakhale mabatani akukangana ndi mimba.

Pa 14 Julaye 1945 anamanga ukwati woyera ndi mayi Felicia a ku Chiradzulu, nakhazikika kuno ku Manja.

Pa 2 Ogasiti chaka chino cha 1960 anaponda msomali wadzimbiri akumanga khitchini. Anathira palafini pabalapo, m'mawa mwake n'kukwera njinga kupita kuntchito. Pa 11 nsagwada zinauma, msana n'kupindika. Kuchipatala anati ndi kafumbata. Anawagoneka m'chipinda chaokha cha odwala mwakayakaya, mopanda phokoso, paipi ili pakhosi, namwino osachoka pambali. Kumva ankamva zonse, maso akuyenda, koma pakamwa pali potseka.

Pa tsiku lachitatu chiwagonekere, adokotala anabwera ndi pepala. Mayi Felicia anakana kulikhudza. Anati iwo ndi mkazi chabe, eni ake a munthu ndi abale ake, natuluka kukakhala pa benchi panja. Amalume anali ku Mulanje. Wachibale m'tauni muno ndinali ine ndekha, ndiye ndinalowa.

Adokotala ananena zinthu zitatu, ndipo musandikhululukire poganiza kuti Chizungu chinandilaka, ndinamva zonse. Choyamba, pali mankhwala atsopano amene akuwayesa pa odwala, ndipo iwo omwe sakudziwa ngati aposa akale. Chachiwiri, angathe kuthandiza, angathenso kufooketsa mtima. Chachitatu, wodwala akhoza kukana, ndipo adzamusamalirabe ndi mankhwala akale aja. Anati ndiwauze a Vitalis zonsezi, ngati avomera aphethire kawiri.

Abale anga, mukudziwa tonse kuti kwathu munthu ali pamphasa sitimutchulira imfa. Timati mupeza bwino, mawa mudzuka. Ndinawerama pakhutu pawo n'kuwauza chimodzi chokha, kuti kwabwera mankhwala amphamvu, asadandaule. Adokotala anadabwa kuti mawu awo ataliatali aja atha bwanji msanga chonchi. Ndinawayankha kuti Chinyanja n'chachidule ngati kabudula wa mesenjala, ndipo anaseka. Asuweni anga sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaphethira kawiri. Chala chawo ndinachigwira ndine, n'kuchiviika mu inki, n'kudinda papepalapo.

Anatisiya Lachitatu pa 17 Ogasiti, dzuwa litangotuluka, ali ndi zaka 41. Kaya anawatenga ndi matenda, kaya ndi mankhwala, adokotala omwe ati sangathe kunena. Mwina akadamva zonse akadavomerabe, pakuti sanali munthu wamantha. Mwinanso akadakana. Funso linali lawo, thupi linali lawo, ine ndinawayankhira iwo akuganiza kuti ayankha okha. Mayi Felicia nthawi yonseyo anali pa benchi ndi kolona m'manja, ndipo za zinthu zitatu zija akuzimva lero pamodzi ndi inu.

Malemu asiya akazi awo mayi Felicia. Ana anayi, Gracian, Christina, Elliot ndi Winnie amene akali kumbuyo. Mayi awo okalamba ku Mulanje, ndi alongo awo awiri.

A banja akuthokoza anamwino amene anawatembenuza ndi kuwapukuta masiku asanu ndi limodzi, bambo mfumu ndi akhristu a mpingo wathu, matelala anzawo a ku Limbe amene asoka nsalu ya pabokosi, a Kalimu amene atithandiza ndi lole, ndi adzukulu amene akumba m'nthaka youma ino.

Amene ali ndi mlandu pa imfa iyi andipeze ine tikachoka kumanda, sindithawa. Makina osokera asatuluke m'nyumbamu, ndipo mayi Felicia asalozedwe chala ndi munthu.

Asuweni, zimene ndinakubisirani pakhutu paja ndazinena pagulu. Ndachedwa nazo. Mzimu wanu uuse mu mtendere.