Mbuzi Zanga Zinapulumuka ndi Ulesi wa Malume

Moni abale anga mwa Ambuye. Ine ntchito inatsala pang'ono kundithera chifukwa cha mbuzi, mbuzi zosadya ndi udzu womwe.

Bungwe lina linanditenga mondiyesa kaye. Anati ndipange dera lonse la kwa Mlolo pa kompyuta, muziyenda anthu, ng'ombe, mbuzi ndi mabwato, kuti anthu aziphunzirirapo kothawira madzi akasefukira. Ine ndi khama langali ndinalamula kuti chiweto chilichonse chiziyenda nthawi zonse, ngakhale chili kutsidya kwa Shire kopanda wochiona. Mayo ine! Laputopu inkatentha mpaka mphaka wathu anasiya kugonapo. Mbuzi imodzi ikangoti inyamule mwendo, dziko lonse linkaima chilili.

Abwana anati zikapanda kuyenda pofika Lachisanu, ndibweze laputopu yawo. Ndinalira, ndinasala kudya, ndinaidzoza ndi mafuta omwe, koma inangowonjezera kuterera.

Ambuye ananditumizira munthu amene sindikanamusankha: malume anga a Fulanki, amene anachotsedwa ntchito yopalira nzimbe chifukwa cha ulesi. Anabwera kudzabwereka chaja, nandipeza maso ali psuu. Nditawafotokozera, anafunsa kuti, "Kodi mbuzi zakutalizo akuziona ndani?"

"Palibe, malume."

"Nanga zikuvutikiranji? Ife kumunda khasu linkayenda kapitawo akatiyang'ana. Akatembenuka, tinkapuma. Tikamuona akubwerera, tinkangosendera kutsogolo ngati takhala tikupalira."

Ndinafuna kuwadzudzula ndi vesi, koma mtima unati khala chete, mwana iwe. Ndinakonza kuti zimene munthu akuziyang'ana ziziyenda bwinobwino, zakutali zizigona, ndipo akatembenukirako, kompyuta izingoziika pamene zikanafika. Lachisanu madzi anasefukira mokongola pa kompyutapo, mbuzi zinathawira kumtunda, abwana anaomba m'manja. Pa ntchito ndinakhazikika, ndipo ndinavina mu ofesi osachita manyazi.

Takhuta, zikomo Ambuye! Malume tsopano akuuza aliyense pamsika kuti ndi injiniya, ndipo chaja chija sanabwezebe.

Abale anga, limbikani, musataye mtima, ndipo m'bale waulesi musamuthamangitse pakhomo, mwina wanyamula yankho lanu. Koma ulesiwo muusiyire mbuzi za pa kompyuta, pakuti Kapitawo wathu wakumwamba satembenuka.