Tsiku lomwe ndidabereka galu kumbuyo

Moni nonse abale anga mwa Ambuye! Khalani bwino mumve, ine Nachisale ndikuuzeni m'mene ntchito idatsala pang'ono kundithera chifukwa cha galu. Galutu, musaseke!

Nthawi imeneyo boma linkasamuka ku Zomba kubwera kuno. Bambo a kunyumba anali atamwalira, ana anayi ali pamsana panga. Anawo ndidawasiya kumudzi, Mulungu nandipezera ntchito yam'nyumba ku Area 10, kwa a Gondwe, anthu a kumpoto ogwira m'boma. Iwo anali ndi kagalu kakang'ono kandevu, dzina lake Tiki, kokalamba, maso atachita mtambo. Mayi Gondwe analibe mwana, ndiye mwana wawo anali yemweyo.

Sabata ina adabwerera ku Zomba kukatenga katundu wotsala. Mayi aja akuti, "Mama Nachisale, Tiki ali m'manja mwanu." Ine, "Pitani bwino, palibe vuto!"

Kwathu galu timamuponyera fupa, si choncho? Ndiye ndidati nako kamve kukoma, ndidakapatsa mafupa a nkhuku. Mawa lake kadaleka kudya. Dovu chuchuchu, m'kamwa fungo loti nkuthawa, kakungodzikanda kukamwa. Masiku awiri osalawa kanthu! Alonda a pageti akuti, "Mayi, yambani kumanga katundu. Kakafa aka, mubwerera kumudzi wapansi." Ana anga adya chiyani?

Ndidagwada m'khitchini. "Ambuye, sindinapemphererepo galu, koma lero mundikhululukire. Mukapulumutsa aka mwapulumutsa ana anga."

Nditadzuka ndidakabereka kumbuyo ndi chitenje, ulendo wapansi mpaka ku Old Town kukafunsa mankhwala. Pamsika anthu kuseka! Mayi wina wa tomato akuti, "Iii anzathu, mwanayo wafanana ndi bambo ake?" Ine kumangoyenda, misozi ili m'maso.

Pomwepo bambo wina wachikulire wogula nyama adandiimitsa. "Tamutsitsani wodwalayo." Kani ankagwira ntchito kwa dokotala wa ziweto, naye wangosamuka kumene ku Zomba. Adakayasamitsa nati, "Onani, kafupa kapingasa apa. Ndipo mano awa adaola kale. Tiagalu tating'onoting'ono tikakalamba timayamba ndi mano, kenaka maso, mwina mtima. Mukamva kakutsokomola kapena kupuma movutikira, musachedwe."

Adatitengera kuntchito kwawo. Adachotsa kafupa kaja, nazula mano anayi. Atatero akuti, "Chakudya chofewa basi." Ine ndidati zimenezo ndiye ndimazidziwa, mayi anga ndidawasamala opanda dzino ndi limodzi lomwe. Ndidaphika nyama, kusinja mumtondo, kusakaniza ndi phala. Tiki kunyambita mbale mbee!

A Gondwe atabwera sindidabise, ndidaulula zonse, za mafupa zomwe. Mayi aja akuti, "Mudayenda wapansi mpaka ku Old Town? Mutabereka Tiki?" Adaseka mpaka kukhala pansi, nandigwira dzanja. "Yewo, zikomo mama. Pitani mukatenge ana anu kumudzi, nyumba ya kuseriyi ndi yanu."

Ana onse anayi adaphunzira sukulu ali m'nyumba imeneyo. Ndiye inu amene zakuthinani lero, musachite manyazi ndi pemphero lanu, kaya ndi lochititsa manyazi bwanji. Langa linali la galu, koma Mulungu sadaseke. Alemekezeke! Tiyeni munene Ameni wamphamvu!