Mayi Sikweya Anabwerera pa Desiki

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1974, achiwiri m'banja la ana asanu. Amene ndaima pamaso panu ndine mlongo wawo wopondana nawo. Bambo athu anali kalipentala. Anyamatafe tinkathawa utuchi, koma alongo athuwa ankangokhalira kuseri kwa nyumba, kuwagwirira bambo thabwa akamacheka.

Anayamba sukulu mu 1981, ndipo mu 1989 anasankhidwa kupita ku sekondale. Kumeneko anapempha kuti awachotse m'kalasi ya zophikaphika, awaike m'kalasi ya matabwa ndi zitsulo. Ahedi anakana mpaka bambo anachita kupitako okha kukawalankhulira. Mu 1996 anamaliza kosi ya uphunzitsi wa ntchito zaluso n'kuyamba kuphunzitsa ku sekondale. Dzina loti Mayi Sikweya, limene ambiri mukuwadziwa nalo, anawapatsa ndi ana asukulu. Mwana akakhoma mpando, iwo ankaika sikweya, chida choyezera ngodya, pangodya iliyonse, ndipo pakaoneka kampata ankangoti, "Yambanso mwanawe, pakudutsa mphepo apa."

Mu 1999 anamanga banja ndi alamu athuwa, amene ndi atelala, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu. Alamu ankakonda kuseka kuti kwawo mwamuna ndiye amasoka makatani, mkazi n'kumakhoma mashelefu.

Zaka zitapita, kusukulu kunabwera makompyuta ojambulira mapulani. Ana anayamba kufunsa mafunso amene malemu sankatha kuyankha, ndipo zinkawawawa. Choncho mu 2021, ali ndi zaka 47, analowa yunivesite kukachita digiri ya uphunzitsi wa tekinoloje. Chaka chomwecho mwana wawo woyamba, mnyamata wakhala apoyu, analowanso yunivesite yomweyo.

M'chaka chachiwiri mayi ndi mwana anakumana m'kalasi imodzi, ya sitatisitikisi, masamu osanthula ziwerengero. Tsiku loyamba malemu atalowa, ophunzira onse anakhala chete poganiza kuti alowa ndi aphunzitsi. Iwo anangokoka mpando wakutsogolo n'kutulutsa kope. Mwana wawo anachita manyazi, nakabisala kumbuyo kwenikweni, ndipo teremu yonse ankawalambalala pakhonde ngati sakuwadziwa. Malemu anaona, koma sanam'dzudzule.

Mayeso atatuluka, mwana anakhoza, mayi analephera. Lamulo linali loti wolephera kawiri phunziro limodzi aziona msana wa njira. Malemu anafika kunyumba, naponya buku pamwamba pa wadiropu, nati, "Mutu wanga wakalamba. Ndisiyeni ndizikhoma misomali." Anali asanagonjepo pa chilichonse chibadwire.

Amene anatsitsa bukulo ndi mwana yemweyo. Anatenga chitini cha misomali, naikhuthulira patebulo lodyera, nawapempha mayi ake kuti ayeze kutalika kwa uliwonse. Kenako anawaonetsa kapezedwe ka avereji, ndi kuti msomali uliwonse watalikirana ndi avereji ija motani. Malemu anayang'ana manambala aja kwa kanthawi, kenako anaseka mpaka misozi. "Kodi nkhani yake ndi imeneyi? Bwanji osangonena kuti misomali siifanana?" Kuyambira pamenepo tebulo lodyera linasanduka kalasi. Mwana akakweza mawu, ankamukumbutsa kuti, "Aphunzitsi, pang'onopang'ono, ndinakuberekani ndine." Pobwereza phunzirolo mu 2023, mnyamatayu ankapita kukakhala nawo kutsogolo komweko, ngakhale iye anali atakhoza kale. Malemu anakhoza, ndipo anatiimbira foni abale tonse mmodzimmodzi.

M'chaka chomaliza anasankha kufufuza chimene chimachititsa atsikana kusiya maphunziro a zaluso. Anayenda m'masukulu ambiri, kucheza ndi atsikana m'mawekishopu. Mu Novembala 2024 anayamba kudandaula msana. Tonse tinkati ndi kukhalitsa pa laputopu, ndipo iwo eni ankangomwa mankhwala opha ululu n'kupitiriza. Mu Febuluwale chaka chino madokotala anapeza kuti ndi khansa, ndipo inali itafalikira.

Ali m'chipatala sanaisiye ntchito yawo. Manja atayamba kunjenjemera, ankanena ndi pakamwa, alamu n'kumataipa ndi chala chimodzi, laputopu ili pamaondo. Anamaliza mitu inayi, unatsala womaliza. Atazindikira kuti sadzautha, anapempha kuti aphunzitsi awo auzidwe kuti zimene anatolera m'masukulu zisatayidwe, apatsidwe wophunzira wina wamkazi apitirize. Mwana wawo atanena kuti sadzapita kokalandira digiri yake popanda iwo, anam'gwira dzanja nati, "Ukapite ndithu, ukavale mkanjo wako. Koma ukayambe wameta tsitsi limenelo."

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 3 Juni 2025, ali ndi zaka 50, amuna awo ali pambali pawo. Digiri imene anaivutikira zaka zinayi sanaigwire m'manja.

Asiya amuna awo, ana atatu, wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri, abale awo anayi, komanso mayi athu okalamba, amene lero akuika mwana amene ankayembekeza kuti ndiye adzawaika.

M'malo mwa banja, tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamala mopanda kunyinyirika. Tikuthokoza aphunzitsi a ku yunivesite, ndi anzawo a m'kalasi amene ankasinthana kuwabweretsera manotsi kuchipatala. Tikuthokoza ampingo, anansi, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzalira nafe. Mwapadera tikuthokoza atsikana asanu amene malemu anawaphunzitsa zamatabwa. Atamva uthenga anabwera kudzatipempha kuti tisagule bokosi. Limene mukulionali akhoma ndi iwowo.

Alongo athu, ntchito mwagwira, pumulani tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere.